Aphunzitsi Osaseka a ku Tomakomai

Pabwalo la masewera otsetsereka pa ayezi la mumzinda wa Tomakomai pali mayi wina wokalamba amene amakonzekeretsa ana mayeso a kupondetsa mpeni wa kunsi kwa nsapato zotsetserekera. Zolumpha alibe nazo ntchito. Amaima pambali atavala jekete lofiira lakalekale, tiyi wa balere ali m'manja, n'kumazungulitsa ana ndi mwendo umodzi mpaka akakolo atawotcha. Mwana akamaliza, iwo amawerama n'kuyang'ana mzere umene mpeni wasiya. Sayamikira, sakalipa, ndipo palibe amene amawaona akuseka. Amangoti, "Pendekeka. Ukuima ngati mtengo wa magetsi."

Mawu amenewa Fumika anawamva kuposa wina aliyense. Anali mtsikana waluso pa mapazi, koma woopa kugwa, choncho ankazungulira ali chilili. Atalephera mayeso kachiwiri, mayi ake anati akalepheranso, basi asiye.

Tsiku la mayeso Fumika anapendekeka mpaka mpeni unalira pa ayezi. Anakhota bwino kwambiri, kenako phi! pansi, pamaso pa oweruza. Aphunzitsi aja anaphulika nako kuseka mpaka tiyi anatayikira pa jekete.

"Mwana wanga walephera, inu mukuseka?" anatero mayi a Fumika.

"Ndakhala ndikudikira kalekale kuti agwe," anayankha. "Lero ndiye wayamba."

Fumika anafika akudzisasa ayezi, misozi ili mbwee. "Aphunzitsi, ndibwere Lolemba?"

"Funsa amayi ako."

Mayi a Fumika anayang'ana bondo la mwana wawo, n'kufunsa kuti abwere naye nthawi yanji.