Zozizira za a Elson pa Chinkhoswe cha Millie

Kumalayini kwathu, kunyumba za antchito a esiteti ya tiyi m'munsi mwa phiri, aliyense ankawadziwa a Elson Namakhwa ndi dzina loti a Kuki. Ife otchola tiyi timatuluka mame ali mbwee, pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana. Iwo ankatuluka atavala malaya oyera, ositidwa mpaka kolala kuima njo, n'kulowera kumtunda kunyumba ya amanijala a esiteti. Ankayenda pakati pa msewu, osati m'mbali. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo pamaliro azimayi ophika ankawaitana kuti alawe ngati mchere wakwana. Iwo ankalawa, n'kuganiza kaye pang'ono, kenako n'kugwedeza mutu.

Koma a Elson sanali kuki. Izi tinadzazidziwa mochedwa, tonse tsiku limodzi.

Anawalemba ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga. Atabwera amanijala atsopano, anafika ndi akazi awo, mayi a ku Blantyre, Mmalawi mnzathu amene tinkawatcha a dona, komanso agalu awiri aubweya wambiri, aakulu ngati ana a ng'ombe. Agalu amenewa sanalengedwere dzuwa la kwathu kuno. Ikafika Okutobala ankangogona pakhonde, malilime panja, kupuma wefuwefu. A dona anaona pafoni kuti kumayiko ena anthu amapangira agalu zakudya zoumitsa mufiriji, ndipo anafuna kuti awo nawonso azidya. Kuki weniweni wa panyumbapo, a Abdul, anakana poyera kuti manja awo sakhudza mbale ya galu. Ntchitoyo inagwera a Elson. A dona anawagulira malaya oyera, ati chakudya cha agalu awo chisagwiridwe ndi munthu wadothi. Tsiku loyamba kutsika nawo malayawo kumalayini, wina anawaseleula kuti, "A Kuki afika." A Elson anangomwetulira, osatsutsa. Mawa lake kutsutsa kunali kovuta kale, ndipo zaka zinapita.

Ntchito yake inali yotere. Ankasenda nthochi zakupsa kwambiri, zija zamawangamawanga, n'kuzikanya m'beseni ndi chiponde chopanda mchere, n'kuthiramo yogati. Ankathira m'timakapu, n'kubaya kachidutswa ka karoti pakati, n'kuika mufiriji mpaka ziume gwa. Masiku ena ankaumitsa msuzi wa nkhuku, wopanda anyezi, poti a dona ankati anyezi amadwalitsa galu. Dzuwa likafika paliwombo ankatulutsa timakapu tija, n'kugwada pakapinga, n'kumagwirizira galu akunyambita. Bambo wa imvi, mkulu wa mpingo. Kwathu kuno galu amadya zotsala, zikatsala, ndipo ukafuna kumunyoza munthu kotheratu umamutchula dzina la nyama yomweyo. A Elson ankazidziwa zimenezi kuposa aliyense. N'chifukwa chake akamva mlendo pageti ankathamangira kuseri kwa thanki ya madzi, kapu ali nayo m'manja.

Ana awoawo analibe. Chuma chawo chinali Millie, mwana wa mlongo wawo a Rosie, amene ankakhala kumudzi kufupi ndi Chonde. Bambo ake a Millie anawoloka pa Muloza kupita ku Milange mwanayo akukwawa, osabwerakonso. Amene anamulera mwanayo ndi a Elson, kuyambira yunifolomu ya pulayimale mpaka kozi ya utelala. Choncho atapezeka mnyamata womufunsira, Hopewell, mphunzitsi wa ku boma, panalibe chokambirana. Atsibweni ndiwo nkhoswe. Ndiwo adzaime pamaso pa anthu tsiku la chinkhoswe, kupereka msoti kwa akuchimuna ndi kulandira tambala, ndipo banjalo likadzagwedezeka m'tsogolo, mlandu udzayambira pakhomo pawo. A Elson ankaliyembekeza tsiku limeneli ndi mtima wonse. Jekete anakabwereka kutatsala mwezi wathunthu.

Anawaika m'mavuto ndi a Rosie, mayi wabwino koma wapakamwa. Anali atauza kale akuchimuna kuti mchimwene wawo amaphikira mabwana.

"Achimwene, mpunga ndi nkhuku tisiyireni ife," anatero a Rosie. "Inu mubweretse kenakake ka patebulo pa abwana. Anthu a ku boma aja asatione ngati ndife akumudzi odya kalongonda basi."

"Achemwali, tsiku limenelo ine ndi nkhoswe. Nkhoswe saphika."

"Muphikiretu dzulo lake. Kapena mukufuna ndioneke wabodza?"

Apa ndi pamene akanaulula. Anali awiriwiri pakhonde, mlongo wawo wa bere limodzi. Koma anangovomera. Anapita kwa a Abdul kuti awaphunzitse keke, koma yomwe anayesa inatuluka yakuda pansi, pakati phala. Chinatsala ndi chinthu chimodzi chokha chimene manja awo ankachidziwa.

Ine ndimawaikira kumbuyo pa mfundo iyi, ndipo amene akufuna kukangana nane abwere. A Elson sanatenge kanthu kunyumba ya abwana. Nthochi anagula okha pa Chonde, chiponde anasinja akazi awo, beseni linali latsopano, timakapu tatsopano. M'malo mwa yogati anaika chambiko. Karoti anamusiya. Anathiramo shuga wambiri, ndipo mumtima mwawo shugayo ndiye anali malire pakati pa anthu ndi agalu. Anakaumitsa mufiriji ya mwini golosale wina, n'kubwera nazo m'bokosi losunga zozizira, atamanga pa kabaza.

Tsiku la chinkhoswe kunatentha moti tenti inkangowawula. Ife a kumalayini tinapita ambiri. Thobwa linali litafunda, anthu akudzipepesera mphepo ndi mipango. Atsikana atayamba kugawa timakapu tija, pabwalo panamveka phokoso la masupuni okhaokha. Zinali zokoma, ndisaname, ine ndinadya tiwiri. Nkhoswe ya kuchimuna, a Bryson, bambo wamimba amene anapuma ntchito ya ukalaliki, anakomba kapu yawo ndi chala.

"Izi ndiye za mabwana," anatero a Bryson. "Anzathu akuchikazi, mwatilandira."

A Rosie ankayenda ngati sakuponda pansi. A Elson anakhala kutsogolo ndi jekete yawo, thukuta lili kamukamu, osadya nawo.

Chimene a Elson sankadziwa n'choti a Rosie, pofuna kuti mwambo ulemere, anali atatumiza khadi kwa a dona. Galimoto inaima kumsewu nthawi ya perekaniperekani. A dona anatsika atavala chitenje chokongola, mphatso ili m'manja, akumwetulira aliyense. A Elson atawaona anaimirira, n'kukhalanso pansi. Wotsogolera mwambo sakanalola mlendo wotere angokhala chete. Anawapatsa chimkuzamawu kuti abwana a atsibweni alankhulepo.

Mayi aja sanabwere ndi choipa. Ndimabwereza zimenezi chifukwa ena amawanena. Anayamika a Elson kuti ndi munthu wokhulupirika, sajomba, saba. Kenako anaona timakapu m'manja mwa anthu, nkhope yawo n'kuwala.

"Ndaona mwalawa kale luso lawo," anatero. "Zimenezi ndi zomwe amapangira agalu anga tsiku lililonse. Popanda a Elson agalu anga sakanapirira kutentha kuno. Ndi ntchito yawo imeneyi, ndipo palibe amawaposa."

Anaomba m'manja okha. Ataona kuti palibe akuwatsatira, anasiya.

Sindinaonepo anthu ochuluka chonchija atakhala chete. Mayi wina wakuchimuna anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje. Wina analavulira kumbali. Kumbuyo, kwa anyamata, kunamveka kuseka kotsamwa. Ife a kumalayini tinangoyang'ana zala zathu za kumapazi, chifukwa manyazi a munthu amene wakhala ukumupatsa ulemu amakugwira ndi iwe womwe. A dona anabweza chimkuzamawu, n'kukakhala pampando, akuyang'ana uku ndi uku, osamvetsa chomwe alakwa.

A Bryson anaimirira. Sanakweze mawu.

"Ife tinabwera kudzatenga mbeta, ndi ulemu wathu wonse. Sitinadziwe kuti kuno mutiona ngati agalu. Mwambo uime kaye."

Akuluakulu a mbali zonse anapita kuseri kwa nyumba. Ine ndinawatsatira ngati mboni ya mpingo. Kumeneko a Elson anavula jekete, n'kugwada pafumbi pamaso pa a Bryson, munthu wocheperapo kwa iwo.

"Bambo, ine si kuki," anatero. "Ndimasamala agalu. Zimene mwadya ndi zaukhondo, ndinagula ndekha, mbale zake galu sanaziyandikire. Koma ndinanama, kwa inu, kwa mlongo wanga, kwa onse. Mwanayu sankadziwa kanthu. Mulange ine."

A Rosie anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. "Achimwene, zaka zonsezi? Ngakhale ine?"

A Bryson anakambirana ndi abale awo chapansipansi kwa nthawi ndithu. Atabwerera anati ukwati sauletsa, poti ana akondana ndipo mtsikanayo alibe chifukwa. Koma msoti sangaulandire kuchokera m'manja amenewo. Nkhoswe ndi munthu amene mawu ake umawakhulupirira banja likavuta. Akuchikazi apeze wina.

Anapezeka a Paul, mng'ono wawo wa a Elson, amene chibadwire cha Millie sanamugulirepo ngakhale pensulo, ndipo nthawi imeneyo anali atalawa kale kachasu. Anawaveka jekete yobwereka ija, manja ake n'kuwapitirira. Nyimbo zinayambanso. A Paul anapereka msoti, n'kulandira tambala, anthu n'kululuta mofooka.

A Elson sanabwerere kutenti. Anatolera timakapu tonse, poti azimayi otsuka mbale ankatilambalala, n'kukakhala pamwala kuseri kwa khitchini ndi beseni la madzi. Ndinaima chapatali. Dzuwa litapendeka, Millie anatulukira atavala zake za chinkhoswe, zofanana ndi malaya a Hopewell. Anagwada patsogolo pawo, osasamala matope a madzi otsukira.

"Atsibweni," anatero.

"Ndakuchititsa manyazi, mwanangu."

Millie anapukusa mutu, koma maso anali pansi. "Apongozi anga andituma. Akuti tsiku la ukwati, poti kudzabwera abale awo ambiri, ndiye akuti mwina inuyo..."

A Elson anamuyang'ana, manja ali m'madzi.

"Ndisabwere," anamumalizira. "Ndamva. Ukawauze kuti ndavomera, usakakangane nawo chifukwa cha ine. Dzuka, ukudetsa chitenje. Pita, akukudikira."

Millie anadzuka, n'kupita akulira. A Elson anatenga kapu ina n'kuyamba kuitsuka.