Nkhuku Imene Sindinazinge

Anzanga, ine ndinakula ndi singano m'manja, osati mbedza. Chaka chimene chitaganya chinayamba ndinali telala pakhonde la sitolo ya a Mahomedi, pa boma la Fort Manning, ndipo nsomba ndinkangozidziwa zili kale m'mbale.

Felesita anabwera Loweruka lina kuchokera ku Guilleme, nsalu ya diresi ya Khirisimasi ili m'khwapa. Ndinamuyeza kawiri, osati chifukwa tepi inanama ayi. Iye anazindikira, nandiuza kuti telala woiwalaiwala chonchi adzamusokera thumba la mtedza.

Basi, mtima wanga unapita pomwepo.

Ndinayamba kupalasa njinga kupita kwawo Lamulungu lililonse, akaweruka ku Misa. Ine Msilamu, iwo Akatolika. Aliyense ankaziona, koma palibe ankazitchula, ndipo mlongo wake Ambulosi anali atayamba kale kunditcha alamu.

Panalinso kanthu kena kamene kankandilimbitsa mtima. Felesita anawauza amayi ake kuti sindidya nyama imene sanazinge Msilamu, ndiye pakhomo paja akafuna kupha nkhuku ankadikira ine. Ndikagwira mpeni, n'kutchula dzina la Mulungu, n'kuzinga, ndinkadzimva mkamwini kale. Ndinatumiza mawu kwa amalume anga ku Dambe kuti akatha kukumba mtedza abwere adzandifunsire mbeta.

Lamulungu lina ndisanalowe m'mudzi, ndinapeza Ambulosi ndi mnzake Kasiyano atakhala m'mbali mwa njira, mbedza zili m'manja.

"Alamu, lero kumudzi kulibe chochita. Tiyeni ku Bua. Mkamwini wosadziwa kuwedza adzadyetsa chiyani mlongo wanga, mabatani?"

Ndinaseka, n'kutembenuza njinga.

Anzanga, kuwedza si masewera. Anandipatsa nyongolotsi kuti nditunge pambedza, ine ndinaigwira ngati ulusi, iyo n'kumapiringizika, ndipo ndinaitaya ndi kukuwa komwe. Kuponya koyamba, mbedza inakola thalauza langa. Kachiwiri inakola nthambi ya mkuyu. Kasiyano anaseka mpaka kugona pamchenga, akuti atelala akufuna kusokera mtengo malaya.

Ambulosi anandimangirira kaphesi pachingwe, nandiuza kuti ndizikayang'ana, kakamira ndikoke. Kanangogwedera pang'ono ine ndakoka kale, n'kutereka, n'kukhala m'matope. Sindinadandaule. Ndinali wokondwa kuti akundiseka monga amasekera munthu wawo.

Koma ndikati tiyeni tizipita, Ambulosi ankati tidikire, nsomba zimadya dzuwa likapendeka. Akatero ankayang'ana njira ya kumudzi, osati madzi.

Dzuwa litapendekadi, kaphesi kaja kanamira. Ndinakoka, ndipo kunatuluka kachambo kosaposa chikhatho changa. Ndinavina! Ndinakatunga paudzu, n'kukana kuti wina aliyense andinyamulire, chifukwa ndinkafuna kukapereka ndekha m'manja mwa Felesita.

Titafika pakhomo, mphasa zinali zikadali zoyala pansi pa mtengo wa mango, pabwalo pali mapazi ambiri ndi mizere ya matayala a njinga. Kenako ndinamva fungo la nkhuku. Ndinayang'ana kudzala, n'kuona nthenga.

Palibe anandidikira ndi mpeni.

Amayi a Felesita anandilonjera maso ali pansi. Ambulosi ndi Kasiyano anatenga mbale yawo ya nkhuku n'kukadyera kuseri kwa nkhokwe. Felesita analandira kachambo kanga ndi manja awiri, osaseka ngakhale pang'ono, n'kulowa nako kukhitchini. Patapita nthawi anatuluka, nagwada, nandisambitsa m'manja, n'kundiikira chakudya. Kansomba kaja anakaphika ndi tomato ndi nsinjiro.

"Nkhuku ija wazinga ndani?" ndinafunsa.

"Abwera nayo ankhoswe a kwa Benedikito, uja amagwira ntchito ku Fort Jameson. Amadzandifunsira mbeta, ndipo atsibweni alandira."

Ndinamufunsa ngati ankadziwa, ndipo anavomera kuti anauzidwa masiku apitawo, analira, anakana kudya, koma atsibweni ake anati mwana wobatizidwa sangapite kwa Msilamu iwo ali moyo.

"Ndine ndinawapempha achimwene kuti akutengereni kumtsinje, a Saidu. Sindinafune kuti mufike ndi njinga yanu mukumwetulira, n'kukuuzani mawu amenewo pamaso pa alendo..."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Idyani. Kamphikako n'katsopano, sindinaphikiremo china chilichonse."

Ndinkafuna kukwiya, anzanga, shuwa ndinkafuna. Koma mungamukwiyire bwanji munthu amene akukutayani, komabe akukumbukira zimene simudya? Ndinadya kachambo konse, mutu womwe. Kanakoma, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka mpaka lero.

Ambulosi anandiperekeza mpaka panjira paja tinakumana m'mawa. Potsanzikana anati, "Muyende bwino, a Saidu." Mawu aja oti alamu anatsala ku Bua. Ndinatumizanso mthenga ku Dambe kuti amalume asavutike kubwera.

Mvula ili pafupi, Ambulosi yemweyo anatulukira pakhonde langa ndi nsalu yoyera m'khwapa. Anayima nthawi yaitali akukanda m'mutu, kenako anati mlongo wake wakana kuti telala wina agwire diresi yake ya ukwati, koma kubwera kudzayezedwa sangathe.

Ndinaisoka, anzanga, misozi ikugwera pamakina. Akuti inamukwana ndendende.

Paja ndinamuyeza kawiri.