Klorini mu Mtsuko wa Abambo

Chaka chimene kolera inavuta kwathu kwa Nthache, ndili Fomu 2, alangizi a zaumoyo anagawa klorini khomo lililonse. Abambo anakana. "Madzi onunkha chipatala ine ayi. Mtsuko wanga musaukhudze."

Ndinkaopa kuti adwala, poti chitsime chathu, chimene ine ndinkawatungirako madzi, chinali chosavindikira. Choncho m'mawa uliwonse, iwo akapita kumunda, ndinkathira klorini mumtsukomo, n'kutikita masamba a nachesi m'chikho chawo kuti fungo lisamveke.

Mvula itatha, alangizi aja anabweranso. Abambo anawapatsa madzi a mumtsuko muja monyadira. "Lawani, achimwene. Mankhwala anu mulibe, koma mwamva kuti ndadwala ine?"

Alangiziwo anamwa, n'kundiyang'ana pang'ono.

"Madzi abwino, bambo," anatero. "Wotungayu musamusinthe."