Ndinaphunzitsa Chichewa chinkhwe cha Madamu

Inu owerenga, cholakwa changa ndichinena poyambirira pomwe: ndinaphunzitsa mbalame ya eni ake kuyankhula, ndipo amene akulipira mlanduwo mpaka lero ndi azakhali anga.

Kusukulu atandiimitsa ndili Fomu 3 kaamba koika chule m'chikwama cha aphunzitsi a masamu, amayi anati atopa nane. Anandikweza basi ya ku Joni kuti ndikaone mavuto kwa azakhali, mwina ndingachangamuke. Azakhaliwo akhala akugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu awiri okalamba, Madamu ndi amuna awo, kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankagona m'kachipinda kakuseri. Chaka chilichonse Meyi akamatha, azunguwo amathawa chisanu n'kukakhala kunyanja ku Mozambiki mpaka Ogasiti. Lamulo lawo linali limodzi: pampanda pasagone mlendo. Azakhali anawerengera kuti andisunga mwakachetechete, kenako n'kundisamutsira kwa amalume ku Orange Farm mabwanawo asanabwere.

Chisanu cha ku Joni musachimvere kwa anthu. Ine wa ku Balaka ndinkadzuka zala zitauma ngati chinangwa. M'nyumba yaikulu munali hita, koma inkayakira munthu mmodzi yekha, ngati tingati munthu: chinkhwe chotuwa chamchira wofiira, dzina lake Joji. Tangoganizani, mbalame ikuotha, ife tikunjenjemera kuseri! Choncho azakhali akamalowa kukachipatsa chakudya, ine ndinkalowa nawo n'kukakamira pahitapo tsiku lonse. Kunja sindinkaloledwa, kuopa maneba.

Miyezi itatu ndi yaitali. Tsiku lina Joji anatsanzira kutsokomola kwanga, mutu wanga n'kuyaka. Ndinatenga mtedza, ntchito n'kuyamba. Pomatha milungu iwiri ankati, "Agogo, kasambeni!" momveka bwino kuposa azungu ena amene akhala ku Malawi zaka zambiri. Ndisakunamizeni, palibe mayeso amene ndinakhozapo chonchi. Azakhali anandichenjeza kuti mbalameyo siiwala, ine n'kumangoti ndidzaiphunzitsa zina, izi idzazisiya. Chimene sindinkadziwa n'choti Joji ankaphunziranso payekha. Masana ndinkakonda kukadziponya pabedi la Madamu, lofewa ngati thonje, ndipo tsiku lililonse azakhali ankakuwa mawu amodzimodzi.

Kutatsala masiku awiri kuti azunguwo abwere, azakhali anandiperekeza ku Orange Farm. Nyumba inakolopedwa, zofunda zinachapidwa, panalibe ndi tsitsi langa lomwe. Zotsalazi ndinazimva kwa azakhali. Akuti Madamu atangolowa, atapsa ndi dzuwa, anathamangira kwa mwana wawo wokondedwa, chinkhwe chija. Joji anapendeketsa mutu n'kuti, "Agogo, kasambeni!" Kenako anaseka, kuseka kwanga kwenikweni. Pomaliza anasintha mawu kukhala a azakhali: "Iwe mwana, choka pabedi la Madamu!"

Madamu anaitana a Banda, bambo osamala maluwa, kuti amasulire. A Banda ndi mkulu wa mpingo, bodza sanena. Anavula chipewa, anayang'ana azakhali, anayang'ana pansi, n'kumasulira zonse, za kusamba zomwe.

Madzulo ake azakhali anafika kwa amalume ndi zikwama ziwiri. Ndinkayembekeza mbama, koma sinabwere. Anangokhala pansi, kuvula nsapato, n'kundifunsa kuti, "Waseka mokwanira, mwana wa achimwene?"

Ntchito sanawachotse, koma kachipinda kaja anawalanda pamodzi ndi makiyi. Tsopano amanyamuka kusanache, kukwera mateksi awiri, mawondo akuwawa, n'kubwerera dzuwa litalowa. Chaka chamawa azunguwo akadzapita kukaothera dzuwa, nyumba adzasiyira munthu wina. Milungu itatu yomaliza ndinkawatenthetsera madzi osamba m'mawa uliwonse, koma sanandilankhule zambiri. Ndinabwerera ku Balaka nditatopa ngati ndine ndinkakwera mateksiwo.

Anzanga amene mumapita kwa abale ku Joni, dziwani kuti kachipinda kamene mukugonamo si kawo. Chibwana chanu chimathera pamsana pa amene anakubisani. Ine ndimamva chisoni ndi mawondo a azakhali, zimenezo n'zoona. Koma kuti ndinene kuti ndimamva chisoni ndi Joji, a Banda angandidzudzule.

Sabata yatha azakhali anaimba foni. Ndinafunsa mwamantha ngati mbalame ija inaiwala. Anati m'mawa uliwonse Madamu akamadutsa ndi gauni lawo, imawauzabe kuti akasambe. Ndinafunsa kuti nanga iwo amatani.

"Ndimathawira kochapira," anatero, "n'kukatsegula mpope kuti asandimve ndikuseka."