Kagalasi mu Ayisi wa pa Chinkhoswe

Mukafika pa Lizulu, funsani za mayi wamtali amene amapukuta mbatatesi imodzi imodzi asanaiike m'ndowa. Anzawo amawaseka kuti akukonzera alendo a boma, koma iwo sasintha. Amenewo ndi a Eliness a ku Mlangeni. Anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pa loji ina pa boma pano, pomwe ine Dailes ndimaphika mpaka lero.

Analembedwa ngati woperekera zakumwa, koma tonse tinkadziwa kuti ayisi ndi wawo. Madzi a pampopi sankawakhulupirira. Ankawiritsa kaye, kudikira azizire, kuthira m'timathireyi, n'kulonga mufiliji. Tindowa tachitsulo toperekera ayisi ankatitsuka kawiri n'kutipukuta mpaka munthu kudzionerapo mano. Sankadzaza mpaka kukamwa, ankasiya mpata wa zala zitatu kuti chopanira chigone bwino, ndipo pansi ankayala kansalu kuti kandowa kasanyowetse tebulo. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti ayisi satapa ndi manja, ndipo satapa ndi tambula yagalasi. Pali chotapira chake chachitsulo.

"Galasi likabenthukira mu ayisi silioneka," ankatero. "Munthu amameza akuseka."

Khalidweli anatengera bambo awo a Yoramu, amene anagwira kumigodi ya ku Joni. Mkuluyo anabwerako ndi chifuwa chosatha ndi langizo limodzi, lakuti ukaona denga lang'aluka uzikuwa, ngakhale kapitawo akumenye pambuyo pake.

Banja lokha ndi limene linawakanika. Amuna awo a Raphael anawasiya kalekale n'kukwatira a Salome a mudzi woyandikana. Tsiku limene a Raphael anatuta katundu, a Eliness anayankhula mwaukali pachitsime kuti, "Salome ameneyo adzaona." Panapita zaka zoposa makumi awiri, Salome osaona kanthu. Koma anthu akumudzi mumawadziwa, amaiwala tsiku limene unawadyetsa, osati mawu otere.

Ndiye Loweruka lina la mu Okutobala, pa loji pathu panali chinkhoswe cha Hannah, mwana wa a Raphael ndi a Salome. A Eliness anapempha kuti apume tsikulo, koma manijala wathu a Nicholas anakana kuti antchito ndi ochepa. Magetsi anali atazima kuyambira Lachisanu, jenereta ili kwa makaniko. Ayisi wotsala anali wa mu kulabokosi imodzi, wa pa tebulo la akuluakulu basi.

Apa ndi pamene ndikulowa ine, ndipo ndikulowa mwamanyazi. Ndinali ndi mpunga wa anthu mazana awiri, chipande chitathyoka, mutu utazungulira. Ndinaona chotapira chija chili pa msomali wake, chowala, chachikulu bwino. Ndinachitenga osapempha n'kuchimiza mumpunga.

Cha m'ma 2 koloko a Nicholas analowa akutuluka thukuta.

"Mayi Eliness, ayisi ali kuti? Ankhoswe akumwa zotentha ngati tiyi!"

"Bwana, chotapira sichikuoneka."

"Tapani ndi chilichonse! Mukufuna ndikatape ndine?"

Ine ndinamva zonsezi ndili kuseri kwa miphika. Ndikanangonena kuti chili kuno, koma ndinaopa pakamwa pa a Nicholas, ndinati kanthu kochepa aka. A Eliness anayang'ana uku ndi uku, kenaka anagwira tambula, koyamba pa zaka khumi ndi chimodzi. Anadzaza tindowa tiwiri, a Nicholas n'kunyamula okha kupita nato.

Patapita kanthawi ndinamva akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Dailes, tabwera. Taona apa."

Pamlomo pa tambula ija panali pobenthuka, kukula ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Tinafufuza pansi, tinasefa madzi otsala mu kulabokosi, koma kagalasiko kunalibe.

"Mwina inali yobenthuka kale, asisi," ndinatero.

"Ndinaitsuka ndekha m'mawa. Inali yabwino."

"Ndiye khalani chete. Mwina kakhala pansi pa kandowa, palibe adziwe. Mukakanena, ndani akhulupirire kuti ndi ngozi? Tebulo limene lija ndi la a Salome. Akuphani anthu aja!"

"Nanga wina akameza?"

Ndinkaona matumbo a munthu akuchekeka, ndinkaona apolisi, ndinkaona ana anga atatu. A Eliness anapukuta manja pa epuloni, anapumira m'mwamba, n'kuthamanga.

Mu holo munali potentha. Nyimbo zili pamwamba, ankhoswe atangopatsana nkhuku, amayi akululutira. A Eliness anadutsa pakati pa ovina, anasonkhanitsa tindowa ndi matambula onse a pa tebulo lija. A Salome anali atakweza kale yawo, Fanta ali pamlomo. A Eliness anawatsomphola m'manja, chakumwa n'kutayikira pa chilundu chatsopano.

"Musamwe! Muli galasi!"

Nyimbo zinaduka. Anthu anayamba kudzuka m'mipando, ena akulavula, mayi wina akukakamiza mwana wake kusanza ngakhale mwanayo sanayandikire n'komwe tebulolo. Kenaka wina kumbuyo anati, "Si mkazi woyamba wa a Raphael uyu?" Mawuwo anayenda mu holo monse ngati moto wa lupsa.

Anatulutsa zonse padzuwa. A Nicholas anakhuthulira ayisi wa kandowa kalikonse pa thireyi yake, tambula iliyonse pa mbale yake, anthu atazungulira. Dzuwa la Okutobala silichedwa, koma tsiku limenelo timiyala ta ayisi tinkasungunuka ngati tikuchita dala. A Eliness anaima pakati, milomo ikuyenda, ndikhulupirira ankapemphera. Ine ndinaima pakhomo la khitchini. Kagalasi kakapanda kupezeka ndiye kuti wina wameza kale. Kakapezeka, funso likhala lakuti kapezeka mwa yani.

Anasefa madzi a kandowa koyamba pa nsalu yoyera, mulibe. Kachiwiri, mulibe. Tambula ya a Raphael, mulibe. Atathira ya a Salome, pansalu panatsala kanthu kowala, kosongoka mbali imodzi.

A Salome anakhala pansi pafumbi, chilundu ndi zonse.

"Pa anthu onsewa," anatero motsitsa, "galasi lasankha ine?"

Achibale anayamba kukuwa kuti aitane apolisi. Mnyamata wina anatola mwala. Hannah yekha ndi amene analira kuti, "Koma akanafuna kupha akanathamangiranji?" Mawu akewo anamira m'phokoso. A Nicholas, amene anati tapani ndi chilichonse, tsopano anali ataiwala zimenezo.

"Mayi Eliness, inuyo mumaletsa anthu tambula tsiku ndi tsiku. Lero mwaigwiriranji? Chotapira chinali kuti?"

Yankho linali kumbuyo kwanga, mumphika wa mpunga. Ndikanachitulutsa chili ndi mafuta ake, aliyense akanaona kuti sizinali zokonzekera. Ndinayang'ana mwala uli m'manja mwa mnyamata uja, n'kungoima pomwepo.

"Sindinachione, bwana," anatero a Eliness, osatembenukira kwa ine.

Apolisi sanabwere, chifukwa ankhoswe anati mwambo wa mwana usaonongeke. Koma ntchito ya a Eliness inatha tsiku lomwelo. Ku Mlangeni ena amati anapulumutsa moyo, ena amati anachita mantha pomaliza, ndipo a Salome akamadutsa pa Lizulu amawolokera tsidya la Mozambique la msewu. Ntchito ya ayisi anandipatsa ine. Chotapira ndinachimangirira ndi chingwe, ndipo mpaka pano ndikamva galasi likugunda kanthu ndimadzidzimuka.

Panatha miyezi isanu ndi umodzi ndisanalimbe mtima kukaona a Eliness pa Lizulu. Ndinakwera minibasi nditakonza mawu onse, koma nditafika pa ndowa zawo ndinangopereka moni n'kufunsa za mvula. Anandisankhira mbatatesi zazikulu, akupukuta imodzi imodzi.

"Madzi ukuwiritsa?" anafunsa.

"Ndikuwiritsa, asisi."

"Tindowa kawiri?"

"Kawiri."

Anamanga thumba n'kundisenzetsa pamutu. Nditatembenuka kuti ndizipita, anandigwira mkono.

"Ndipo chotapira chija uzichitsuka ndi madzi otentha, Dailes. Mafuta a mpunga amachedwa kuchoka."