Zomwe zinali m'kabati ya Yusufu

Asalamu alaikumu nonse. Ndikuchokera ku yunivesite kwa Yusufu.

Masana ano andiimbira foni mayi ena a ku ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja, akuti mng'ono wanu wakomoka mu laibulale. Ndangosiya shopu ku Mayfair kuno ku Joni n'kukwera takisi. Ndamupeza atatsitsimuka, koma wawonda moti lamba anachita kuboola bowo lina.

Kani chipinda chija ku Soweto anamuthamangitsamo mwezi watha, eni nyumba akuti sakufunanso alendo ochokera kunja. Chichokereni kumeneko wakhala akugonera pampando mu laibulale momwemo, kusamba pasinki ya kuchimbudzi.

A ku ofesi aja atsegula kabati yake yosungiramo mabuku ine ndikuona. Munali malaya awiri, mswachi, kapu ndi paketi ya shuga yotsala pang'ono. Chakudya chake chinali chimenecho, madzi a shuga.

Mayi aja andionetsa chipinda chodzaza mpunga, nyemba ndi mafuta, zopatsa ophunzira ovutika. Akuti ngakhale pogona akanamupezera, kunali kungolembetsa dzina basi. Atamufunsa chifukwa chimene sanapitire, Yusufu wangoyang'ana ine.

Tsiku lomwe ankatsika basi ku Park Station, ndine ndinamuuza kuti kuno ku Joni dzina lako usamalembetse paliponse, ndi mmene apolisi amatigwirira. Chonsecho mwanayu mapepala ake ndi abwinobwino. Wopanda mapepala ndine.

Ndabwera naye kwanga, wadya, wagona.

Amalume, achemwali, mukuona bwanji, amayi tiwauze? Ndipo akafunsa kuti mkulu wake anali kuti, ndiwayankhe chiyani?