Zibangili Zofiira za Mwana wa Mlongo Wanga

Mlongo wanga atamwalira anandisiyira mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri m'kanyumba kathu ka ku Maryhill, kuno kudziko la azungu. Bambo ake anali atasowa kalekale. Ndinamulera ndekha, koma pakamwa pake ndinali ankolo basi, chimodzimodzi ndi mwamuna aliyense wa kutchalitchi kwathu. Chingerezi n'choumira. Liwu limodzi lomwelo chimalongamo amuna onse ngati belo la kaunjika.

Atakula n'kundiuza kuti wapeza mnyamata wachimwenye, wa Chipunjabi, wa ku Pollokshields, ndinakondwa, kenako ndinakhala pansi kudikira. Kwathu akuchimuna ndiwo amatuma ankhoswe kukagogoda kwa malume a mkazi. Ndinachapitsa jekete, ndinagula makapu atsopano. Mwezi unatha, wachiwiri unatha, pakhomo pali zii. Ndinangomva kuti holo aipeza kale. Zinandiwawa, sindinama. Mumtima ndinalumbira kuti ngati andiitane ndi khadi ngati mlendo wamba, ku ukwatiko sindikapondako.

Loweruka lina mtsikanayo anandikoka kuti tikamwe tiyi kwa apongozi ake. Ndinapita, koma nditakwinya nkhope kuyambira m'sitima. Mayi a mnyamatayo anali aafupi, a magalasi, olankhula ndi manja omwe.

"Awa ndi ankolo anga," anatero mtsikanayo m'Chingerezi chake cha kuno.

"Ankolo ati?" mayiwo anafunsa. "Liwu limeneli silindiuza kanthu." Anayamba kuwerenga ndi zala. M'Chipunjabi mkulu wa bambo ndi taya, mng'ono wa bambo ndi chacha, ngakhale mwamuna wa azakhali ali ndi dzina lakelake. "Inuyo, bambo, ndinu a mbali iti?"

"Mayi ake ndi ine tinayamwa bere limodzi," ndinayankha mouma.

Anatsitsa kapu mpaka tiyi kutayikira pambale. Anatembenukira mwana wawo, mnyamata uja, n'kumuthira mawu a Chipunjabi. Sindinatolepo kanthu, koma kukalipa sikufuna womasulira. Kenako anabwerera ku Chingerezi kuti nane ndimve.

"Miyezi iwiri ndikufunsa ngati mkwatibwi ali ndi mlongo wa mayi ake, iwe n'kumangoti ali ndi ankolo ambirimbiri a kutchalitchi!"

Anandifotokozera kuti kwawo munthu ngati ine amatchedwa mama, n'kuwonjezera ji pofuna kulemekeza. Kwawonso mkwatibwi sapita kwa mwamuna asanavale zibangili zofiira, ndipo wozigula ndi kumuveka ndi mlongo wa mayi ake. Iwo ankadikira kuti mwini zibangili aonekere. Ine ndinkadikira ankhoswe awo. Akuluakulu awiri, wina tsidya lino la mtsinje wa Clyde, wina tsidya linalo, aliyense akudandaula kuti mnzake sadziwa mwambo. Ndinaseka mpaka kutsokomola, manyazi ali tho.

Ndinawauza kuti nafenso tili nalo liwu lathu, malume, ndi kuti popanda iye ukwati suyenda. Analibwereza katatu kuti alisunge. Sabata yotsatira anatuma alamu awo awiri kudzagogoda kwathu, ndipo makapu aja anagwira ntchito. Kuchokera pamenepo ndimawatchula kuti asewere.

M'mawa wa tsiku la ukwati asewerewo anabwera ndi beseni la mkaka, n'kuviikamo zibangili zomwe ndinagula. Mkwatibwi saloledwa kuziona pomuveka, choncho mtsikanayo anatsinzina n'kutambasula manja. Ndinagwada, mawondo akulira. Zoyamba zinalowa bwino, kenako ndinaima. Aka kanali koyamba kugwira dzanja lake chichokereni ku manda a mayi ake. Zala zazitali, kachala kakunja kopindika pang'ono. Ndinalizindikira dzanja limenelo, ndipo misozi inagwera mumkaka.

"Bwanji mwasiya?" anafunsa ali chitsinzinire. "Zachepa?"

"Ayi, mwanawe, zikukwana," ndinatero. "Kungoti manja awa ndi a mayi ako."

Sanatsegule maso. Anangofinya chala changa n'kunena m'Chichewa chake chopunduka: "Ndiye avekeni onse awiri."